Mpingo usamangogawa sopo, uyang'anenso sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi akhristu anzanga kudzera m'nyuzipepala yathuyi, makamaka abusa, ansembe ndi akuluampingo. Nkhani yanga ndi ya sikelo.

Kumphakati kwathu kuli mayi wina wamasiye amene timakamuona chaka ndi chaka nthawi ya njala. Timasonkherana, wina kambale ka ufa, wina sopo, wina paketi ya shuga, timakaimba nyimbo ziwiri pakhonde pake nkupemphera, iye amathokoza mpaka misozi ife nkumabwerera mitima ili mbee. Mu Meyi chaka chino ndinamupeza pamsika akugulitsa chimanga chake kwa venda. Sikelo yake ija yopachika pamtengo wa mango, venda akoloweka thumba, singano isanakhazikike watsitsa kale watchula makilo ake. Mayi uja sadziwa kuwerenga, anangolandira ndalama nkumanga kunsonga ya chitenje, ndipo ndalamayo inali ndi mwini wake kale chifukwa anatenga katapila kuti agule feteleza ndi kulipira fizi ya mwana. Ndiye Januwale akubwerayu tidzapitanso ndi kambale ka ufa, ndipo ena a ife tidzakagula kwa venda yemwe uja, mwinanso chimanga chake chomwe chija, pamtengo wokwera kwambiri.

Zimenezi zandisowetsa tulo. Sindikunena kuti tisiye zachifundo ayi, wanjala sadya chiphunzitso, amafuna nsima lero lomwe. Koma ngati chaka chilichonse tikupita kukhomo lomwelo ndi kambale komweko, tikutunga madzi ndi lichero abale.

Baibulo lomwe timanyamula kukhwapa Lamulungu lililonse silinabise nkhaniyi. Pa Amosi 8 mneneri akudzudzula amalonda amene ankangodikira kuti Sabata lithe ayambe kugulitsa tirigu, akuchepetsa muyeso, akukweza mtengo, akunamiza anthu ndi sikelo zachinyengo, mpaka kugula munthu wosauka ndi nsapato. Ndikawerenga pamenepo ndimaona msika wathu uja weniweni. Ndipo anthu amenewo anali opembedza, Sabata ankalisunga ndithu! Pa Levitiko 19 Mulungu sanangoti muzikhala achifundo, anaika lamulo, mwini munda asakolole mpaka m'mphepete, asiye khunkha la osauka ndi alendo, malipiro a waganyu asagone mpaka m'mawa, miyeso ikhale yolungama. Pa Levitiko 25 chaka cha 50 chilichonse munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi umabwerera kwa eni ake kuti banja lisasauke mpaka kalekale. Amenewa ndi malamulo a chuma ndi malo, si kambale ka ufa. Nanga bwanji paguwa timangomva za chakhumi ndi kufesa mbewu basi?

Ndikudziwa ena ayankha kuti mpingo usalowerere ndale. Amene akunena zimenezi akumbuke pa 8 Marichi 1992, pamene m'matchalitchi a Katolika dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti. Kalata imene ija inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo imene alimi ankalandira pa mbewu zawo, kuthithikana m'masukulu ndi m'zipatala, komanso anthu kutsekedwa pakamwa. Boma linati ndi kalata youkira, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anaitanidwa kupolisi, makina osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma mantha anasweka, ophunzira ku Chancellor College anayenda mumsewu, a CCAP ndi mipingo ina pamodzi ndi Asilamu anagwirana manja m'bungwe la Public Affairs Committee (PAC), ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Ufulu woti ine lero ndilembe kalata ino unadzera pamenepo. Tikabwerera m'mbuyo, John Chilembwe amene nkhope yake timaipinda m'thumba pa ndalama anali m'busa ku Mbombwe, ndipo chimene chinkamuwawa ndi thangata. Ngakhale ngongole zakunja zimene anatikhululukira mu 2006, mipingo inali patsogolo pa kampeni ya Jubilee 2000.

Ndiye chatitseka pakamwa lero nchiyani? Ine ndikuona kuti ndi envulopu. Tikakhala ndi pepa sande yomangira tchalitchi timaitana wandale kuti akhale mlendo wolemekezeka, akhala kutsogolo pampando wa wofuwofu, apatsidwa maikolofoni, atchula mamiliyoni, amayi nthungululu. Palibe afunsa kuti ndalamazo zachokera kuti, chonsecho Cashgate ya 2013 sitinaiwale. Mawa lake mbusa yemweyo angathe bwanji kufunsa chifukwa chake kuchipatala kulibe mankhwala kapena kuti ndalama za chitukuko cha m'dera zapita kuti? Malata a tchalitchi timakhomadi koma mawu athu timakhala tagulitsa. Bola tipemphere m'tchalitchi chofolera udzu.

Komanso tisamangoloza boma chala. Venda uja ali ndi mpingo wake, wakatapila uja amaimba kwaya, ndipo ambiri a ife m'tauni tili ndi mtsikana wantchito amene timamulipira ndalama yosafika ngakhale pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, nthawi zina mwezi nkudutsa osamupatsa. Yakobo 5 akuti malipiro amene tawamana okolola m'minda mwathu akufuula. A Centre for Social Concern ku Kanengo amawerengera ndalama zimene banja likufunika pamwezi kuti lidye ndi kulipira nyumba, tiyeni titenge chiwerengero chimenecho tiyerekeze ndi chimene timapatsa mlonda wa patchalitchi pathu pomwe.

Pempho langa ndi ili. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu nyengo yokolola, bwanji osaiwerenga pa zolengeza za Lamulungu mwezi wonse wa Epulo ndi Meyi kuti agogo akumudzi aimve? Mpingo uliwonse ugule sikelo yake yoyesedwa bwino, alimi aziyamba ayeza pamenepo asanapite kwa venda. Pakhale nkhokwe ya mpingo yogula chimanga cha akhristu pamtengo wabwino nkudzawagulitsa mosawadyera masuku pamutu nthawi ya njala. Ndipo phungu ndi khansala tiziwaitana kuti adzayankhe mafunso, abwere opanda envulopu.

Kumphakati kwathu tayamba kale kusonkha za sikelo, ndipo kukolola kukubweraku mayi uja adzayamba wayeza kwa ife.

Mkhristu wokhudzidwa,
Kasungu