Achinyamata aphunzire mmene makompyuta amalankhulirana, osangoloweza mayina

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yakhala ikundidetsa nkhawa pa zaka zimene ndakhala ndikulandira achinyamata ochokera m'makoleji odzazolowera ntchito yokonza netiweki ya makompyuta. Pafupifupi aliyense wa iwo amatchula pamtima magawo asanu ndi awiri a ndondomeko ya OSI, yofotokoza mmene makompyuta amatumizirana uthenga, kuyambira pansi mpaka pamwamba osaphonya ndi limodzi lomwe, koma ndikamuimika pa kompyuta imene yakana kulowa pa intaneti, amangondiyankha kuti netiweki yavuta, monga angayankhire munthu amene sanapondeko m'kalasi. Anawo sindikuwaimba mlandu, chifukwa anapatsidwa mayina kuti akhoze mayeso koma sanauzidwe chimene magawowo anakhazikitsidwira.

M'zaka za m'ma 1970, makampani akuluakulu monga IBM ndi DEC ankapanga netiweki yawoyawo, ndipo makina a kampani ina sankamvana mosavuta ndi a inzake. Akatswiri anaona kuti ntchito yotumiza uthenga ndi yaikulu kwambiri moti singasenzedwe ngati mtolo umodzi, choncho anaigawa m'magawo osanjikizana, lililonse ndi udindo wake, lodalira lapansi pake ndi kutumikira lapamwamba pake. Bungwe la ISO, loika miyezo ya pa dziko lonse, linasindikiza ndondomeko ya OSI mu 1984. Koma panthawiyo njira ina inali itayamba kale kugwira ntchito: akatswiri a ku America Vint Cerf ndi Bob Kahn anafotokoza maganizo awo mu 1974, ndipo pa 1 January 1983 netiweki ya ARPANET ku America inasamukira ku njira yochokera m'maganizowo yotchedwa TCP/IP, imene kawirikawiri imafotokozedwa m'magawo anayi okha. Intaneti ya lero imayendera TCP/IP, pamene OSI inatsala ngati chiyankhulo chimene amisiri amamvanirana akamalozerana pamene pali vuto.

Ndikamaphunzitsa ndimayambira pa mayi wa ku Mzuzu amene akutumiza kalata ndi ufa kwa mwana wake ku Blantyre. Mayiyo amalemba mawu ake, kuwaika mu envulopu, kuilowetsa m'thumba, ndipo pathumbapo amalemba dzina ndi kumene likupita. Kondakitala samatsekula kalata kuti adziwe zimene mayi akuuza mwana wake, iye amangowerenga zolembedwa pathumba, ndipo dalaivala naye chimene amasamala ndi msewu basi. Basi ikawonongeka pa Ntcheu, thumba likhoza kukwezedwa m'galimoto ina popanda mayi uja kulembanso kalata. Mfundo yonse ya magawo yagona pamenepa: gawo limodzi likhoza kusintha, ena onse osakhudzidwa.

M'kompyuta zimachitikanso chimodzimodzi. Pulogalamu imene munthu akugwiritsa ntchito imakonza uthenga m'gawo lapamwamba, mwachitsanzo kudzera mu HTTP, malamulo otumizira masamba a pa intaneti. Uthengawo umatsikira kwa TCP, amene amaudula m'zidutswa ndi kuzipatsa manambala, kuti kumene zikupita zikasanjidwenso bwino ndipo chimene chatayika panjira chitumizidwenso. Kenaka IP amamata keyala ya wotumiza ndi ya wolandira pa paketi iliyonse, kutanthauza chidutswa chilichonse cha uthengawo, ndipo Ethernet (netiweki ya chingwe) kapena Wi-Fi amaikulunganso kuti idutse kamtunda kotsatira kokha, kuchoka pa kompyuta kufika pa router, chipangizo cholumikiza netiweki ina ndi inzake.  Pansi penipeni zonsezi zimasanduka mphamvu ya magetsi m'waya, kuwala m'chingwe cha fayiba, kapena mafunde a wailesi mumlengalenga. Chimene chimandisangalatsa nthawi zonse ndi khalidwe la router, amene amavula chikulungo chakunja chokha, kuwerenga keyala ya IP, kusankha njira, kenaka kuiveka paketi chikulungo chatsopano choyenera msewu wotsatira, monga anachitira kondakitala uja pa Ntcheu.

Amalawi tinaziona izi ndi maso athu mu May 2024, pamene zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka pansi pa nyanja ndipo intaneti inafooka m'maiko angapo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, motero mauthenga athu opita kunja amadalira zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique. Foni zinkaonetsa kuti netiweki ilipo yamphamvu, ndipo sizinkanama, popeza kulumikizana kwa foni ndi nsanja kunali bwinobwino. Vuto linali kutali, m'gawo lapansi penipeni, pa chingwe chenichenicho. Makampani atapatutsira mapaketi ku njira zina, zinthu zinayamba kubwerera mwakale pang'onopang'ono, ndipo palibe amene anafunika kusintha WhatsApp kapena Facebook m'foni mwake kuti zimenezi zitheke.

Wachinyamata amene wamvetsa izi amafufuza vuto mwadongosolo. Amayamba waona ngati chingwe chalowa ndipo kanyali kake kakuyaka, kenaka amaona ngati kompyuta yalandira keyala ya IP, ndiyeno amayesa ping, pulogalamu yotumiza paketi n'kudikira yankho, kuti adziwe ngati paketi ikufika pa router ndi kupitirira. Ping ikamayankha pa keyala ya manambala koma n'kukana pa dzina la tsamba la pa intaneti, iye amadziwa kuti waya alibe chifukwa, wolakwa ndi DNS, amene amasandutsa mayina kukhala manambala. Ndinafikapo pa ofesi ina pamene anali atagula kale router yatsopano ndi ndalama zambiri, chonsecho vuto linali lomweli, lotha kukonzedwa m'mphindi zochepa, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa wowalangiza anali mnyamata wakhama wokhala ndi satifiketi yabwino.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi okonza mayeso ndi lakuti phunziroli lisathere pabolodi. Makompyuta awiri akale, switch imodzi (kabokosi kolumikizira makompyuta) ndi chingwe ndi zokwanira, ndipo pulogalamu ya Wireshark, imene imaonetsa paketi ikufutukulidwa gawo ndi gawo, imapezeka mwaulere. Pa mayeso, mwana apatsidwe netiweki imene yalemazidwa mwadala, ndipo afunsidwe kuti aloze gawo limene ladwala ndi kufotokoza mmene wadziwira.

Mmisiri wa netiweki,
Lilongwe