Lipoti la msonkhano wa mapu a zisankho ndi kavotedwe ka m'zigawo

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano wa masiku awiri wa owonerera zisankho, umene unakambirana za momwe zigawo zimavotera pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko komanso za mapu amene amajambulidwa zotsatira zikatuluka. Ndabwerako, ndiye ndati ndikutulireni zimene ndamva. Za kadzazidwe ka mafomu pamalo oponyera voti ndazisiya, popeza timazidziwa kale. Nkhani imene yandikhala pamtima ndi ya mapu aja opaka utoto umodzi pa boma lonse kapena chigawo chonse. Mapu amenewa amasocheretsa anthu, ndipo ife tomwe tinawagawa pa WhatsApp chisankho chapitachi osaganizira bwino chimene tikugawa.

Tsiku loyamba wophunzitsa anatiikira pakhoma mapu a dziko la United States a chisankho cha 2016, ojambulidwa potsata maboma ang'onoang'ono amene iwo amati county. Pafupifupi dziko lonse linali lofiira, utoto wa chipani cha Republican. Atatifunsa kuti anapeza mavoti ambiri ndani, ambiri tinaloza ofiirawo. Koma Hillary Clinton wa chipani cha Democratic ndi amene anaposa Donald Trump wa Republican, ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni. Mapu amaonetsa kukula kwa nthaka, pomwe ovota ndi anthu. Los Angeles County imaoneka ngati kadontho pa mapu, koma mumakhala anthu pafupifupi 10 miliyoni, kuposa zigawo zambiri zathunthu za dzikolo. Trump anapambanabe chifukwa kumeneko pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi 538 zochokera m'zigawo, ndipo wopeza 270 ndiye watenga mpando. M'zigawo zonse, kupatula Maine ndi Nebraska, amene watsogola ngakhale ndi voti imodzi amatenga nthumwi zonse za chigawocho. Trump anatenga Michigan, Pennsylvania ndi Wisconsin ndi kusiyana kwa mavoti osakwana 80,000 zigawo zitatuzo kuziphatikiza. N'chifukwa chake kampeni ya kumeneko imathera m'zigawo zochepa zimene zingapendekere mbali iliyonse, zinazo n'kusiyidwa.

China chimene chinandidabwitsa n'chakuti mu 2020 Trump anapeza mavoti oposa 6 miliyoni ku California, ochuluka kuposa amene anapeza ku Texas komwe anapambana. Koma pa mapu California yonse ndi yabuluu, utoto wa chipani cha Democratic, ngati kuti anthu 6 miliyoniwo sanadzuke n'komwe tsiku lovota.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona lipoti lonseli. Ku United States utoto uja uli ndi tanthauzo, popeza kupambana chigawo kumapereka nthumwi. Ku Malawi, ku Zambia, ku Kenya ndi m'maiko ena ambiri mavoti a pulezidenti amawonkhetsedwa pamodzi dziko lonse. Palibe mphoto yopambana boma. Voti ya munthu amene ali yekhayekha pakati pa otsatira chipani china imalemera chimodzimodzi ndi voti yoponyedwa kuchipinda kwa chipani chake. Tinangotengera kajambulidwe ka eni ake popanda lamulo limene linabala kajambulidweko. Zotsatira zake n'zakuti wachinyamata amene akukhala m'boma lopakidwa utoto wa chipani chimene iye sachifuna amaona ngati voti yake ndi yotaya, ndipo sapita kukavota. Nawonso okonza kampeni akayang'ana mapu omwewo amati kumeneko n'kwa eni, tisawonongeko mafuta.

Titafika pa Malawi m'chipindamo munatentha. Ziwerengero za 1994 zinaikidwa patsogolo pathu: a Bakili Muluzi 47 pa 100 alionse m'dziko lonse, a Kamuzu Banda 33, a Chakufwa Chihana pafupifupi 19. Kumpoto a Chihana anatenga pafupifupi 88 pa 100, Pakati a Banda 64, Kummwera a Muluzi 78. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti palibe chokambirana, anthu amavotera wakwawo basi, ndipo sizidzasintha. Ambiri anamuwombera m'manja. Ine sindinagwirizane nawo, ndipo ndinapempha mpata woyankha m'dzina lanu. Ndinati ziwerengero zomwezo zikusonyeza kuti Pakati munthu mmodzi mwa atatu alionse sanavotere a Banda, ndipo Kummwera mmodzi mwa asanu sanavotere a Muluzi. Ntcheu ali m'chigawo cha Pakati koma nthawi zambiri wavota mosiyana ndi Dowa kapena Kasungu. Ndipo mu 2009 a Bingu wa Mutharika anapambana ndi 66 pa 100, ndipo Kumpoto, kutali ndi kwawo ku Thyolo, ndi kumene anawavotera mwaunyinji. Ngati mtundu ndi chigawo ndizo zokha zimaponya voti, chaka chimenecho tichifotokoza bwanji?

Sindikukana kuti kukondera wakwanu kulipo. Kulipo, ndipo n'kwamphamvu. Koma lamulo la chisankho limatha kukudyetsera kapena kukuchepetsa mphamvu. Pamene wotsogola aliyense ankatenga mpando, munthu ankatha kudalira chigawo chake chachikulu n'kuwonjezerapo pang'ono. A Peter Mutharika anapambana mu 2014 ndi 36 pa 100, ndipo mu 2019 analengezedwa opambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100. Khothi litafafaniza chisankho chimenecho pa 3 February 2020 n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, masamu a zipani anasintha nthawi yomweyo. Panabadwa mgwirizano wa Tonse, ndipo pa 23 June 2020 a Lazarus Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 pa 100, a Mutharika n'kupeza 39. Mu September 2025 a Mutharika omwewo anabwerera ndi pafupifupi 57 pa 100, a Chakwera 33. M'zaka zisanu zimenezo palibe mtundu umene unasamuka kapena boma limene linachoka pamalo pake. Anthu ndi amene anasintha maganizo.

Masana a tsikulo tinagawidwa m'magulu kukachita masamu, ndipo ndikufuna kuti nanunso muwaone. Tiyerekeze boma lili ndi anthu 400,000 m'kaundula wa ovota, ndipo wopikisana wina amapezako mavoti 80 pa 100 alionse. Akabwera kudzavota 75 pa 100, iye apeza mavoti 240,000, mnzake 60,000. Akabwera 55 pa 100 okha, apeza 176,000, mnzake 44,000. Kusiyana kwawo kwatsika kuchoka pa 180,000 kufika pa 132,000, ndiye kuti mavoti 48,000 apita, koma utoto wa bomalo pa mapu sunasinthe ngakhale pang'ono. Musaone ngati 48,000 ndi ochepa. Ku Zambia mu January 2015 Edgar Lungu anaposa Hakainde Hichilema ndi mavoti osakwana 28,000, ndipo ovota anali munthu mmodzi mwa atatu alionse olembetsa. Mu 2016 kusiyana kunali pafupifupi 100,000. Mu 2021 anthu pafupifupi 70 pa 100 anatuluka kukavota, Lusaka ndi Copperbelt zinatembenuka, ndipo Hichilema anapambana ndi kusiyana kwa mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Ndiye mukaona wopikisana akuchititsa msonkhano wachisanu kuchipinda kwake komwe, musadabwe. Sakukopa anthu atsopano ayi, akuopa kuti ake omwe atsala kunyumba tsiku lovota.

Tsiku lachiwiri tinamva za maiko amene anaika m'malamulo kuti pulezidenti azikhala ndi mavoti ofalikira. Ku Kenya, malamulo a 2010 amafuna mavoti oposa theka komanso 25 pa 100 m'ma county osachepera 24 mwa 47. Ku Indonesia amafuna oposa theka ndi 20 pa 100 m'zigawo zoposa theka. Ku Nigeria wotsogola ayenera kupezanso 25 pa 100 m'magawo awiri mwa atatu a zigawo zonse za dzikolo. Nthumwi zingapo zinakondwa nalo lamulo lotereli ndipo zinafuna kuti msonkhano ulivomereze pomwepo. Ine ndinakana kuvomera m'malo mwanu musanakambirane, makamaka nditamva za Nigeria. Mu 1979 dzikolo linali ndi zigawo 19. Shehu Shagari anakwanitsa 25 pa 100 m'zigawo 12, koma ku Kano anaperewera. Funso linali lakuti magawo awiri mwa atatu a 19 ndi angati, 13 kapena 12 ndi kachidutswa? Nkhaniyo inakathera ku khothi lalikulu, limene linagamula mokomera Shagari. Mu 2023 mkangano wofanana unabukanso pa Abuja, komwe Bola Tinubu sanafike 25 pa 100, ndipo khothi linati likululo liwerengedwe ngati chigawo china chilichonse. Lamuloli limakakamiza wopikisana kupita kumene sakondedwa, ndipo zimenezo n'zabwino, koma likalembedwa mosasamala limasamutsa chisankho kuchoka m'manja mwa ovota kupita m'manja mwa oweruza.

Nthumwi ya ku Kenya inatikumbutsa za 2022, pamene Uhuru Kenyatta, ali pampando, anaima ndi Raila Odinga, ndipo Odinga anasankha Martha Karua wa kudera la Mount Kenya kukhala womutsatira. Aliyense wowerenga mapu akale akanati dera limenelo lapita kwa Odinga. Koma anthu a kumeneko anavotera William Ruto mwaunyinji, ndipo iye anapambana ndi 50.49 pa 100. Mtsogoleri wa dera akalowa mgwirizano sizitanthauza kuti wanyamula anthu ake m'thumba.

Nthumwi yomweyo inalankhulanso mawu amene anatikhazika chete. Anati ziwawa za pambuyo pa chisankho cha 2007 zitapha anthu oposa 1,000 m'dziko lawo, ambiri mwa ovutikawo anali anthu okhala m'dera la eni, amene anaweruzidwa potengera kumene anachokera, popanda wofunsa kuti anavotera ndani. Mapu opaka utoto umodzi amaphunzitsa maso kuona chigawo ngati munthu mmodzi, wolakwa kapena wolungama yense. Anatichenjezanso ife owonerera kuti boma likapereka 90 pa 100 kwa munthu mmodzi, umenewo si umboni wakuti mavoti abedwa, komanso si umboni wakuti zonse zayenda bwino. Umboni uli pa fomu ya pamalo oponyera voti. Mu 2022 bungwe lawo loyendetsa zisankho linaika pa intaneti mafomu a malo oposa 46,000 kuti aliyense awonkhetse yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yathu imafuna kudekha kotero.

Tsopano pempho langa kwa inu. Ndikupempha kuti bungwe lathu lisiye kugawa mapu a utoto umodzi, ngakhale atachokera kwa anzathu odalirika. Tikafuna kujambula athu, pa boma lililonse pazilembedwa chiwerengero cha olembetsa, cha amene anavota, ndi gawo la wopikisana aliyense, wachiwiri ndi wachitatu omwe, ndipo utoto uzikhala wowala kumene kusiyana kuli kochepa ndi wakuda kumene kuli kwakukulu. M'maphunziro athu a ovota tiwonjezeremo masamu a boma la anthu 400,000 aja, chifukwa ndinaona momwe anatsegulira maso anthu amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine. Nkhani ya lamulo la 25 pa 100 iikidwe pa ndondomeko ya msonkhano wathu wotsatira, ndipo ndikufuna timve kaye maganizo a mamembala ochokera m'madera amene ali ndi anthu ochepa, popeza ndi amene lamulolo lingawakhudze kwambiri.

Mapepala onse amene tinapatsidwa ndasiya kwa mlembi. Pakufunika anthu awiri odziwa kompyuta oti tithandizane kulowetsa zotsatira za boma lililonse kuyambira 1994, kuti pofika msonkhanowo tikhale ndi mapu athu oyamba oti tiwaone limodzi. Amene angadzipereke auze mlembi sabata ino isanathe.

Ine wanu,
Nthumwi yanu kumsonkhanowo