Dandaulo pa ntchito yoyendera mawaya a magetsi m'nyumba mwanga

Kwa a Manijala,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi ndili wokhumudwa kwambiri ndi ntchito imene anyamata anu awiri adagwira mwezi wathawu m'nyumba mwanga ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Ndidaitana kampani yanu kuti idzayendere mawaya onse tisanasamukiremo, ndipo ndidalipira ndalama zonse zimene mudanditchulira. Anyamatawo sadathe ngakhale ola limodzi: adayatsa magetsi chipinda ndi chipinda, adapisa tesita m'masoketi angapo, kenaka adasaina chikalata chonena kuti zonse zili bwino.

Patangopita sabata ziwiri, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 adagwidwa ndi magetsi pamene ankatsegula mpopi wa kubafa ndi manja onyowa, giza ili yoyatsa. Dzanja lake lidachita dzanzi mpaka madzulo, ndipo kufikira lero amakana kulowa m'bafamo yekha. Inu mukudziwa kuposa ine kuti magetsi a mphamvu ya mavolti 230 pamalo a madzi akhoza kupha munthu nthawi yomweyo.

Mmisiri wina amene ndidamuitana tsiku lomwelo adapeza kuti elementi ya giza, chitsulo chimene chimatenthetsa madzi, idaphulika ndipo magetsi ankadutsira m'mapaipi achitsulo. Elementi imatha kuwonongeka nthawi iliyonse, ndipo pa chimenechi sindikukuimbani mlandu. Chimene chikundipweteka n'chakuti zonse zimene zimayenera kuteteza mwanayo zidali zakufa kale pa tsiku limene inu mudasaina. Mmisiriyo adanditengera kuseri kwa khitchini, kumene waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu wopititsa m'nthaka magetsi osochera, amalowa pansi. Atafukula pang'ono tidapeza kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, kodya dzimbiri, m'malo mwa ndodo yokutidwa ndi mkuwa, ndipo wayayo adangosololoka nditamukoka ndi zala ziwiri. Dothi la pamalopo lidali louma gwa, umboni wakuti palibe amene adakumbapo posachedwa. Mapaipi a madzi ndi giza yomwe sizidalumikizidwe n'komwe ku earth.

M'bokosi la mabuleka, masiwichi amene amadula okha magetsi akachuluka mu waya, namo mudali zoopsa. Siwichi yoteteza anthu yotchedwa earth leakage, ya 30 mA, imene imayenera kudula magetsi pasanathe mamilisekondi 300 akayamba kudutsa posayenera, idali italumphitsidwa ndi waya kumbuyo kwake, moti batani lake loyesera silinkachita kanthu. Kudina batani limeneli sikulira chipangizo chilichonse, ndiye ndikulephera kumvetsa kuti anthu ophunzira ntchito adalilambalala bwanji. Masoketi a kukhitchini nawo adali pa waya wa 1.5 mm koma buleka yake ili ya 32 A, kutanthauza kuti waya akadayamba kupsa kudenga buleka isanagwe.

Choncho ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zonse zimene ndidalipira, mulipire zimene ndawononga pokonzetsa earth ndi bokosi la mabuleka, komanso mundilembere kalata yothetsa chikalata chija. Ngati anyamata anu adayezadi china chilichonse, nditumizireni manambala amene adapeza. Malisiti ndi zithunzi ndaziphatikiza ku kalatayi. Mukapanda kundiyankha pasanathe masiku 14, nkhaniyi ndikaitula ku MERA, bungwe limene limapereka ziphaso kwa amisiri a magetsi, ndiponso ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula.

Ine wodandaula,
Mwini nyumba, Chilomoni