Kalata kwa makasitomala athu: boti la matanga talikokera kumtunda

Kasungu, 12 Meyi

Okondedwa amayi ndi abambo,

Kuyambira pa 1 Juni nsomba zizifika Lachisanu lokha, osatinso Lachiwiri ndi Lachisanu monga munazolowera, ndipo mtengo wa ndowa ya usipa ndi utaka ukwerako. Ndati mumve chifukwa chake kwa ine mwini, zisakupezeni ngati mphekesera za mumsika.

Ambiri mukudziwa kuti nsomba zathu timakatola ndi boti la matabwa loyendera matanga, limene malemu bambo anga anakhometsa ku Nkhotakota mu 1997. Limazungulira m'madooko momwe galimoto sifika, n'kudzatula pa Nkhotakota, kenako katunduyo amakwera galimoto kudutsa m'nkhalango muja kubwera kuno. Mphepo sagula. N'chifukwa chake zaka zonsezi mitengo yathu yakhala yotsikirapo.

Mu Epulo anyamata oyendetsa anandiimbira kuti madzi akuchuluka m'boti. Kale ankakapa kamodzi m'mawa, tsopano mmodzi sankasiya chigubu ulendo wonse. Ndinatsikira kunyanja n'kuitana mmisiri wachikulire amene analipo pomwe botilo linkakhomedwa. Kunja linkaoneka bwino ndithu, penti wake wabuluu wa chaka chatha akadali kuwala. Iwo sanayang'ane n'komwe pentiyo. Anazula matabwa opondapo, anagwada, natenga kampeni kawo n'kubaya nthiti imodzi pafupi ndi msana wa boti. Mpeniwo unangolowa ngati m'chinangwa chophika, ndipo potuluka unatuluka ndi zinyenyeswa zakuda, zonyowa, zonunkha chinyezi. Anabaya nthiti ina, chimodzimodzi. Kenako anazula msomali umodzi n'kundiika m'manja: mutu unali wathunthu, koma pakati dzimbiri linadya mpaka unatsala ngati singano. Anangoti, "Mwanawe, boti ili lagwirika ndi penti."

Zimene anandifotokozera ndikufuna nanunso muzidziwe, chifukwa ena a inu mwakwerapo. Thabwa lokhala m'madzi nthawi zonse siliwola msanga. Kumene kumawola ndi m'kati, m'malumikizidwe momwe madzi a mvula amaima, pamanyowa n'kuuma, kunyowanso, mphepo osafikapo. Madzi a m'nyanja yathu alibenso mchere, umene kunyanja zikuluzikulu umachedwetsako kuwola. Nthiti zikafooka ndipo misomali ikatha, matabwa amayamba kusuntha funde likamenya, ndiye thonje ndi phula zimene timatsekera m'mipata zimalavulidwa. Mumata lero, sabata yamawa lathonyanso. Choopsa kwambiri anachipeza patsinde pa mlongoti, pomwe mphamvu yonse ya mphepo imatsamira. Pamenepo pakagonja thanga lili chitambasukire, mlongoti umagwa ndi anthu ali pansi pake.

Apa ndisabise, vuto lina ndi langa. Zaka ziwiri zapitazi ndakhala ndikutumiza ndalama ya penti ndi phula yokha, poopa kuti boti likaima nsomba zisowa ndipo inu mupita kwina. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, ine ndi amene ndinachedwa kugwada n'kununkhiza.

Ndipo tikulowa nyengo ya mwera. Amene simunagonepo kunyanja mu Juni kapena Julayi simungamvetse mmene mphepo yakumwerayi imatembenuzira madzi. Sitima ya Vipya, ya panyanja yathu yomweyi, inali yachitsulo, yatsopano, koma mu Julayi 1946 inamira pamodzi ndi anthu 145. Nanga boti la matabwa owola? Za kunjanso zilipo. Mu Okutobala 2012 chombo chachikulu cha matanga chotchedwa Bounty, chokhomedwa mu 1960, chinamira kufupi ndi North Carolina ku America pa namondwe wa Sandy. Masabata ochepa m'mbuyo amisiri anali atapeza nthiti zowola, koma chombocho chinabwerera pamadzi zisanakonzedwe zonse. Mwa anthu 16, awiri sanabwerere. Anyamata anayi amene amayendetsa boti lathu ali ndi akazi ndi ana, ndipo sindingathe kukaima pamaso pa mabanja awo n'kunena kuti ndinkadziwa.

Kukonzaku sikutheka msanga. Pakufunika mlombwa kapena mbawa, wochekedwa ndi chilolezo, wouma bwino, ndipo nthiti zimafuna mtengo wopindika mwachibadwa kuti usathyoke. Mitengo imeneyi lero yasowa, mtengo wake ndi wowawa. Ena andiuza kuti ndingoikapo paini kapena bulugamu wosauma tipitirize geni. Ndakana, chifukwa pakangotha mvula ziwiri tidzakhala tabwerera pomwepa. Amisirinso atha. Nkhotakota wakhala akukhoma maboti a matanga kuyambira nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, koma lero odziwa kupinda thabwa ndi owerengeka, ndipo onse ndi a imvi. Tagwirizana kuti azule matabwa apansi ndi kuyeza nthiti iliyonse. Zowola zikapitirira theka, botilo silibwereranso pamadzi, ngakhale kuti ndi chinthu chokhacho chimene bambo anandisiyira.

Pakadali pano tizigula nsomba m'madooko ofikika ndi galimoto, ndiye mafuta ndi amene akweze mtengo. Mitengo yatsopano izilembedwa pabolodi la pakhomo Lachinayi lililonse. Amayi a geni amene mumatenga pangongole n'kubweza mukagulitsa, dongosolo lija silisintha. A malo odyera ndi a sukulu zogonera, chonde tiuzeni zomwe mukufuna pofika Lachitatu masana kuti Lachisanu zikwanire mpaka sabata inayo.

Amene munkatumiza matumba a chimanga kukasinthitsa ndi nsomba m'madooko akutali, zimenezo zayamba zaima. Matumba omwe analandiridwa kale ali m'nyumba yosungira, olembedwa maina, ndipo mutha kudzatenga tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Amene munalipiriratu nsomba za Lachiwiri la mu Juni, tikubwezerani pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, kapena tisunthire ku Lachisanu ngati mwakonda.

Mmisiri wati pofika kumapeto kwa Julayi adzakhala atamaliza kuyeza, ndipo zomwe adzapeze ndidzakulemberaninso.

Ine wanu,
Mwini sitolo ya nsomba, pamsika wa Kasungu