Kalata yotseguka kwa Phungu wathu: ana akusaina ngongole asanaone msika

Olemekezeka a Phungu,

Moni. Dzina langa mwina simulikumbuka, koma nkhope muyenera kuidziwa. Ndine bambo uja wa jekete yotuwa amene wafika ku ofesi yanu ya pa boma kanayi chaka chino, ulendo uliwonse n'kuuzidwa kuti bwana ali ku Lilongwe. Makalata awiri ndinasiyira mnyamata wanu. Yachitatu ndinakupatsirani m'manja pa maliro aja a kwa agulupu, munaipinda, n'kuiika m'thumba la malaya, muli "tiona, bambo." Nthawi imeneyo chimanga chinali chisanamasule. Pano tinakolola kale. Ndiye iyi ndailemba poyera, kuti mukapanda kuiwerenga inuyo, aiwerenge ena adzakufotokozereni.

Ndiyambe ndakumasulani mtima: sindikupempha fizi. Ndikudziwa kuti mukaona kholo litakhala pa benchi ya pa ofesi paja mumangoganiza kuti likufuna kenakake ka m'thumba. Changa n'china.

Ine ndine mlimi wa fodya wa bale, ndipo ngongole ndimaidziwa kuposa mmene ndimadziwira abale anga ena. Chiyambireni ulimi wa kontirakiti cha m'ma 2012, chaka ndi chaka ndimasaina. Kampani imandipatsa mbewu, feteleza ndi mapepala ofolerera chigafa, koma tsiku lomwelo imandiuzanso makilo amene idzagule kwa ine. Mlangizi amabwera pa njinga yamoto kudzaona nazale, kudzaona pookera, kudzandikalipira ndikachedwa kubandira. Mabelo akafika pa Chinkhoma ngongole amadula kaye, ine n'kulandira zotsala. Timalira nayo mitengo, zoona, ndipo zaka zina zotsalazo sizikwana n'kulipira aganyu komwe. Koma sindinasainepo pepala ndisakudziwa kuti wogula ndani.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anasaina ngongole ya zaka zinayi wogula asakumudziwa. Anakhoza MSCE pa sekondale yoyendera ya kuno kwathu, mapointi 17, zimene pasukulupo zinali zisanaoneke kwa zaka zambiri. Labotale panalibe, Physical Science ankaiphunzira ndi choko pa bolodi, choncho khomo la udokotala ndi uinjiniya linali litatsekeka iye asanaliganize n'komwe. Itakwana nthawi yolembetsa ku mayunivesite a boma kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, tinapalasa njinga tonse awiri mpaka pa boma, ku kanyumba ka makompyuta kumene amatulutsa mafomu pa intaneti. Mndandanda wa maphunziro unali wautali, maina ake m'Chingerezi choti ine wa Sitandade 8 yakale sindinachimvepo. Mwanayo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mnyamata wa pa kompyuta. Mnyamatayo, uku akukukuta chimanga chootcha, analoza ndi chala nati, "Ikani iyi, siilimbiranidwa kwambiri, mulowa mosavuta." Panja panali mzere wa anthu. Sizinatenge mphindi khumi. Malangizo onse amene mwana wanga analandira pa nkhani ya moyo wake wonse ndi amenewo, kuchokera kwa munthu amene ntchito yake n'kusindikiza mapepala. Sindikumuimba mlandu mnyamatayo. Tinamufunsa, anatiyankha zimene ankadziwa.

Dzina litatuluka tinapha mbuzi. Ngongole anaipeza, ndipo apa ndisaname: bungwe loona za ngongole za ophunzira lija, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, likanapanda kukhalapo mwana wa mlimi ngati ine sakanaponda pa yunivesite. Kungoti ngongole siifika paliponse. Lendi ya kachipinda kunja kwa sukulu, ndiwo, thiransipoti yopita ndi yobwera, laputopu, zonsezo zinali pamutu panga. Ng'ombe ziwiri zokoka ngolo zinapita m'chaka chachiwiri. Ngoloyo ilipo, ili kuseri kwa khola, nkhuku zimaikira mazira momwemo. Mayi ake analowa mabanki m'khonde awiri, kubwereka uku n'kukabweza uko. Covid-19 itatseketsa sukulu mu Malichi 2020 miyezi inawonjezereka, koma mwini kachipinda kaja sanatseke buku lake. Mu 2021 anamaliza, digiri ya za kakhalidwe ndi chitukuko cha anthu. Chithunzi chake ali mu gauni chili pakhoma pabalaza, pamwamba pa wailesi.

Bwana, tsiku lina mukamadutsa pa depoti ya Kasungu pa galimoto yanu, mutsitseko galasi. Pa mzere wa akabaza a njinga zamoto pali wina wamtali, amakonda kuvala malaya a kolala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ameneyo ndiye wanga. Njingayo si yake. Mwini wake ndi mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi mu Fomu 4, amene analephera Chingerezi, n'kupita kukaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa amalume ake, pambuyo pake n'kukapeza pepala la ntchito zamanja la TEVETA. Lero ali ndi shedi yakeyake, amapanga mafelemu a mawindo, zitseko zachitsulo, ngolo, ndipo njinga zamoto ali nazo ziwiri. Madzulo alionse mwana wanga amakapereka kwa iye ndalama ya tsikulo. Mnzakeyo ndi munthu wabwino, ndikuvomereza, kungoti amakonda kumuitana kuti "a digiri" uku akuseka, osadziwa kuti zimabaya. Tsiku lina ndinapezeka pashedipo dzuwa likulowa, ndikufunsa mtengo wa felemu. Ndinaona mwana wanga akuyala timapepala tokwinyika pa benchi ya zitsulo, kuwerenga, kubwerezanso, ndalama osakwana. Anayamba kupepesa, chipewa chili m'manja, kuti mafuta anavuta, anthu anali ochepa, mawa adzawonjezera. Ine ndinatembenuka ngati ndikusankha zitseko. Tinabwerera limodzi kumudzi, ine kumbuyo kwake pa njinga yomweyo, ndipo njira yonse palibe amene analankhula.

Pansi pa mpando wa njingayo amasungapo envelopu ya khaki, mwa pulasitiki kuti isanyowe. Makalata ofunsira ntchito ndinaleka kuwawerenga. Anagwirako chaka chimodzi pa ndondomeko ya boma ija yoti achinyamata aphunzire ntchito m'maofesi, chitatha anabwerera kumudzi. Kulikonse akufuna munthu woti anagwirapo kale zaka zitatu. Zaka ziwiri zopumira asanayambe kubweza ngongole zinatha kalekale. Iye sakukana kubweza, amanena yekha kuti ndalama zimenezo ndi zomwe ena akabwereke. Koma abweza kuchokera pati? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera kupatula zimene munthu wokwera kabaza amalola kulipira.

Tsono chimene chandilembetsa kalatayi ndi mlongo wake. Wakhoza, mapointi 15, ndipo m'nyumba mwanga mtendere mulibe. Iye mtima uli pa zamalamulo. Mayi ake akuti unamwino, poti odwala sadzatha. Ine ndimati Bunda, zaulimi, chifukwa ndi zokhazo zimene ndingamufunse akabwera ku holide n'kumva chimene akunena. Mchimwene wake akuti asasaine chilichonse, apite ku sukulu ya ntchito zamanja akaphunzire za magetsi a dzuwa, zaka zochepa ayambe kugwira ndalama. Usiku wina anamulanda mapepala m'manja, mawu anakula mpaka aneba anatuluka. Mtsikanayo analira nati, "Ndiye poti inu munagwera m'dzenje, ine ndisayende?" Anthu anayi tikukangana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ali ndi nambala m'manja. Tonse tikuyendera zongomva.

Ndipo zongomvazo sizigwirika. Amati uphunzitsi ndi wodalirika, koma omaliza maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale a IPTE takhala tikuwaona akudikira zaka asanalembedwe, pomwe makalasi ali thothotho. Amati unamwino, koma anamwino okhala pakhomo ndi mapepala awo tikuwadziwa. Amati zamalamulo zili ndi ndalama, koma ndani anawerenga kuti mwa olowa ndi angati amafika kumeneko? Wina anachita zaulimi akugulitsa mayunitsi, wina anachita zomwezomwezo akuyendera galimoto ya bungwe. Ife kumudzi timangoona mmodzi amene wabwera ndi galimoto pa Khirisimasi, asanu amene sanabwere chifukwa chosowa thiransipoti sitiwawerenga.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti zimene mwana wanga anaphunzira n'zachabe. Kontirakiti ya fodya amandiwerengera ndiye tsopano, ndipo chaka chatha anaona mzere wina umene kalabu yathu yonse inkasaina osaumvetsa. Pa zokambirana za kwa amfumu akalankhula anthu amakhala chete. Dziko likufuna anthu otere, ndipo mwana amene mtima wake uli pamenepo apite ndithu. Koma apite akudziwa kuti ntchito zake zili kuti, n'zingati, ngongole yonse idzafika pati, ndipo akadzalembedwa adzidulidwa zingati pa mwezi. Akasankhabe, wasankha yekha. Wanga sanasankhe, anamulozera ndi chala cha mafuta a chimanga.

Chimandiwawa n'chakuti boma lino la Kasungu si lachilendo pa nkhani ya sukulu. Kamuzu anachokera konkuno kukafuna maphunziro, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy pa Mtunthama pompa, ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mwana wa kumeneko, kapena wa ku Area 47 ku Lilongwe, akafuna kusankha amafunsa amalume ake a dokotala kapena azakhali ake a ku banki, uku akudya. Wa pa sekondale yoyendera afunsa ndani? Aphunzitsi ake ndi ochepa, aliyense ali ndi maphunziro atatu, ndipo ambiri a iwo mayunivesitewa amangowamva ngati ife tomwe.

Mukukumbukira msonkhano wanu wa kampeni pa bwalo la pulayimale kwathu kuno? Mwana wanga anali pa holide. Munamuitana kutsogolo, n'kumukweza dzanja, muli "uyu ndiye tsogolo la dera lino." Amayi analulutira. Tsiku limenelo munanena ndi pakamwa panu kuti sekondale iliyonse ya m'dera lino idzakhala ndi tsiku pa chaka loti anthu ophunzira adzabwere kudzalangiza ana za ntchito, ndiponso kuti mu ofesi yanu mudzakhala buku la ana onse a dera lino amene ali ku koleji. Ndinafunsa mnyamata wanu za bukulo, anandiyang'ana ngati ndamufunsa za mazira a njovu. Za ntchito 1 miliyoni zimene dziko lonse linalonjezedwa mu 2020 sindikuwerengerani inu, zimenezo zili ndi eni ake. Ndikukuwerengerani zanu zokha, zimene munanena mutagwira dzanja la mwana wanga.

Ndimakulemekezani, bwana, ndipo voti yanga munaiona. Mjigo wa pa mphambano uja tikumwa, zikomo. Koma kumbukirani kuti mawu akuti phungu sanayambire ku Nyumba ya Malamulo. Kwathu kuno phungu ndi munthu amene amayenda ndi namwali, kumuuza za kutsogolo asanafikeko. Ana athu akulowa m'ngongole popanda wowagwira dzanja, ndipo dzina limenelo muli nalo ndinu.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Nthawi yolembetsa isanatseke, sonkhanitsani ana a dera lino amene anamaliza ku koleji, muyende nawo m'masekondale athu onse, tsiku limodzi pa sukulu iliyonse, makolo tiitanidwenso. Musatenge okhawo a mataye. Mutenge namwino wolembedwa ndi wosalembedwa, mphunzitsi, wa zaulimi, wowotcherera uja, ndi wanga wa kabazayu, aliyense anene zimene anaphunzira, zimene anawononga, ngongole imene ali nayo ndi zimene akudya lero. Mwana wanga wavomera kale kuti adzalankhula, ngakhale ndikudziwa kuti zidzamulemera. Mtengo wake ndi mafuta a galimoto ndi chakudya chamasana, sizingafike ngakhale pa simenti ya kamlatho kamodzi ka ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF.

Ndipo mukapita ku Lilongwe kumene amati mumakhalako, imirirani m'Nyumbamo mufunse nduna yoona za maphunziro kuti mayunivesite onse asanu ndi limodzi a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, azitulutsa poyera, pa maphunziro alionse paokha, kuti omaliza anali angati ndipo patatha zaka ziwiri opeza ntchito kapena oyamba bizinesi ndi angati. Zilembedwe pa pepala loti kholo ngati ine liwerenge m'Chichewa, limatidwe pa khomo la ofesi ya ahedi. Mufunsenso ngati sizingatheke kuti kubweza kuziyendera zimene munthu akupeza, wa kabaza azipereka za kabaza, osakhala chete n'kumaopa kalata. Akakuyankhani zozemba, mudzatiuze kuti anazemba, tidzadziwa kuti munafunsa.

Lachinayi likubwerali ndidzakhala pa benchi paja kuyambira 8 koloko, ndi ana onse awiri. Mtsikanayu mapepala ake sanalembepo kanthu, ndamuuza kuti adikire kufikira tsiku limenelo. Ngati vuto ndi mafuta a galimoto, tumizani uthenga kwa mnyamata wanu, mwana wanga adzakutengani pa njinga kumene mungakhale. Ndalama ya ulendowo ndidzamupatsa ndine, kuti madzulo isakapelewere kwa mwini wake.

Ine wanu,
Kholo ndi mlimi wa fodya, m'dera lanu lino la Kasungu