Tisawaiwale mayi Elizabeth Van Lew

A Mkonzi,

Tikamakamba za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, timangotchula akuluakulu a asilikali. Nanga mayi Elizabeth Van Lew?

Mayiwa ankakhala ku Richmond, likulu la mbali yoikira kumbuyo ukapolo, koma ankachita ukazitape pothandiza a kumpoto, omwe ankamenyana ndi mbaliyo. Ankapereka chakudya ndi mankhwala kwa asilikali a kumpoto omwe anali akaidi kundende ya Libby mumzindawo, uku akutolera nkhani. Uthengawo ankaulemba m'zizindikiro zachinsinsi, ndipo ena mwa ounyamula anali anthu akuda, omwe akanagwidwa sakanawachitira chifundo.

Mu 1869 Pulezidenti Ulysses Grant anawasankha kuyang'anira positi ya Richmond, koma anthu akwawo anawasala mpaka anamwalira mu 1900, chuma chitawathera. Zimenezi zimandiwawa. Aphunzitsi a mbiri yakale, chonde muziwauza ana za mayiwa.

Wowerenga wanu,
Zomba