Aphunzitsi, tiyeni tiphunzire kukhala chete m'kalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Ndagwira choko zaka zambiri, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkayesa kalasi yabwino ndi ija ana angoti zii, ine ndikulankhula, iwo akukopera manotsi. Mayeso akafika ankandibwezera mawu anga omwe, ndi pomwe ndinalakwitsa pabolodi pomwe. Koma ukamufunsa mwana wotereyu kuti, "Nanga iweyo ukuganiza bwanji?" amangoti kukamwa yasa. Timawauza kuti safunsa anadya phula, chonsecho mpata wofunsirawo sitiwapatsa.

Ndiye ndinapatula phunziro limodzi pa sabata loti ophunzira aziyendetsa okha zokambirana. Dzulo lake ndimawapatsa nkhani yaifupi yoti akawerenge, ndipo aliyense amabwera ndi funso lomwe yankho lake silinalembedwe m'bukumo. Malamulo ndi awiri okha: ukanena mfundo uloze ndime yomwe waitenga, ukatsutsa utsutse mfundoyo, mwini wake umusiye.

Njirayi sindinaiyambe ine. Socrates, munthu woganiza mozama wa ku Greece amene anaphedwa mumzinda wa Athens mu 399 BC, ankamufunsa munthu mafunso mpaka aone yekha pomwe maganizo ake akugwedera. Mu 1930, mpondamatiki Edward Harkness anapereka ndalama kusukulu ya Phillips Exeter ku America kuti ophunzira pafupifupi 12 azizungulira tebulo limodzi ndi mphunzitsi wawo n'kumakambirana. Wina aseka kuti ana 12 m'kalasi ndi maloto. Yanganso ndi yodzaza. Ndimaika ana 10 pakati, otsalawo n'kuwazungulira zolembera zili m'manja, akulondola amene wapereka umboni, amene wangobwereza za mnzake, ndi amene wadula mnzake pakamwa. Pakatha mphindi 15 amasinthana. Pakatipo ndimasiyapo mpando wopanda munthu, woti wakunja amene mfundo yamuyabwa akhalepo, anene zake, abwerere.

Amene anavutika kwambiri kuzolowera ndine. Tsiku loyamba mtsogoleri wa zokambiranazo atafunsa funso, kalasi yonse inakhala duu, ndipo lilime linandiyabwa kuti ndiwayankhire. Katswiri wa maphunziro Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, koma akadikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ochuluka amayankhako. Choncho ndinayamba kuwerenga chamumtima mpaka 10, maso ali pakope langa, chifukwa ukangodzutsa mutu onse amayang'ana iwe.

Tsiku lina tinkakambirana nkhani ya bambo amene anaba mankhwala a mwana wake wodwala. Mnyamata wina wolongolola anagamula msangamsanga kuti wakuba ndi wakuba basi, anzake n'kumuombera m'manja. Mtsikana amene teremu yonse ndinali ndisanamumvepo mawu ananyamuka kunja kuja n'kukakhala pampando uja. "Ndime yachitatu ikuti bambowa anapempha kaye katatu. Ndiye amene anawakaniza uja alibe mlandu?" Mnyamata uja anatsegula buku, anawerenganso chala chili pamzere, kenako anati, "Pamenepo sindinapaone." Sanasinthe maganizo ake onse ayi, koma anabwerera ku umboni pamaso pa anzake osachita manyazi. Ine ndikanamuuza zomwezo akanangolemba m'kope n'kuiwala.

Zovuta zilipo, sindibisa. Silabasi sidikira munthu, ndipo pali maphunziro ena, monga malamulo a masamu, ofunika kungowafotokoza bwinobwino. Olongolola amafunanso kutenga malo onse. Ine ndimapatsa aliyense timiyala titatu, akalankhula aponye kamodzi pakati, tikamuthera akhale womvera. Mwana akabwera asanawerenge, tsiku limenelo salowa pakati.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi aakulu ndi oyendera masukulu. Mukadutsa pawindo n'kuona madesiki atasunthidwa, ana akutsutsana, mphunzitsi atakhala kumbuyo ndi kope, musafulumire kulemba kuti walephera kulamulira kalasi. Lowani, mukhale pamodzi ndi ana ozungulira anzawowo mphindi 15, mumve zomwe anawo akufunsana, kenako mulembe lipoti lanulo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kusekondale